MWANA APITE KU THENGO, KOMA WAMKULU ATSOGOLE

Makolo anzanga a m'makomboni, holide ya mwezi wa August ikafika, ana athu amagawika pawiri. Ena timawakweza basi kupita kwa ambuya ao ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi kapena ku Malambo. Ena amatsala m'tauni, ndipo ife tikangocoka kupita ku nchito kapena ku msika, iwo amatenga malegeni, makasu ndi macesi nalunjika ku mapiri ndi ku minda ya m'mbali mwa tauni. Nthawi imeneyi cimanga cimakhala cakololedwa, udzu wauma, mbewa zanona. Ndi nthawi yomweyonso imene ife a m'zipatala timalandira ana opsa ndi moto, olasidwa m'maso ndi olumidwa ndi njoka kapena agalu.

Poona zimenezi, makolo ena amalamula kuti mwana wao asaponde ku thengo mpang'ono pomwe. Ena amangoti, "Ifenso tinakula tero, ndipo sitinafe." Ine sindigwirizana ndi mbali zonse ziwiri. Maganizo anga ndi akuti mwana ayenera kulidziwa thengo akali wamng'ono, koma apite ndi munthu wamkulu amene alidziwa, ndipo apatsidwe nchito yolingana ndi msinkhu wake.

UBWINO WAKE ULIPO

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa nchito thupi lake mwamphamvu kwa mphindi 60 tsiku liri lonse. Pa komboni mabwalo osewerera anatha, anthu anamangapo nyumba ndi tumashopu. Mwana amene atandala pa TV kapena pa foni tsiku lonse thupi lake limafooka, tulo sabwera bwino, ndipo madokotala a maso anapeza kuti ana osakhalitsa panja pa kuwala kwa dzuwa ndiwo amayamba msanga bvuto losaona patali. Ulendo wa ku phiri ndi atate kapena amalume ndi mankhwala osagula.

Thengo ndi nkhokwenso. Masuku, masau ndi malambe ali ndi mavitamini. Mbewa, inswa, matondo ndi ziwala ndi ndiwo zomanga thupi monga nyama ya ku buchala. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anaonetsa kuti ana 35 pa ana 100 ali onse osakwana zaka 5 muno m'Zambia anali opinimbira. Dziko lotere siliyenera kunyoza ndiwo zimene makolo athu anakulira. Mwana amene sadziwa kusiyanitsa bowa wabwino ndi wakupha, kapena una wa mbewa ndi una wa njoka, amakhala pa ngozi yoposa mnzake amene anaphunzitsidwa, pakuti tsiku lina adzapitabe ku thengo, ife tifune tisafune.

CINASINTHA N'CIANI?

Amene amati "tinakula tero" amaiwala cinthu cimodzi. Kale kumudzi mwana sanali kuyamba yekha. Anali kutsata akulu ake ku ubusa, kuwanyamulira khasu ndi thumba, kuonerera caka cathunthu asanaloledwe kukumba. Pa uzimba ana anali kuyenda kumbuyo, mikondo ndi mibvi iri ndi akulu-akulu kutsogolo. Madzulo ku mphala ndi ku gowelo anali kumva za malo oopsa ndi zizindikiro za nyama. Amaiwalanso kuti ena mwa anzao a nthawi ija anafadi, ndipo akufa sabwera kudzacitira umboni.

Mwana wa m'tauni alibe sukulu imeneyi. Gulu limene limapita ku phiri lero, wamkulu wake ali ndi zaka 11, ndipo nayenso sadziwa kanthu. Akapita kumudzi, abale ake amamuseka kuti ndi wa mantha, mwana wa pa simenti. Pofuna kucotsa manyazi, iye ndiye amayamba kupisa dzanja ku una, ndiye amakwera nthambi ya pamwamba, ndiye amalumphira pakuya pa dziwe. Akulu anati safunsa anadya phula. Mwana wotere safunsa cifukwa aopa kusekedwa, ndipo palibenso womuyankha.

MOTO NDI UNA

Ngozi yoyamba pa kusaka mbewa ndi moto. Kuyambira August mpaka October udzu umakhala wouma kwambiri ndipo mphepo imatembenuka mwadzidzidzi. Miyendo ya mwana wa zaka 7 siingapambane lupsa. Zobvala za nailoni zimasungunuka n'kumatirira pa khungu. Thupi la mwana ndi laling'ono, tsono cironda ca moto cimene wamkulu angapirire cingathe kumutaitsa madzi ambiri mpaka moyo kukhala pa ngozi. Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pa malo opsawo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo mubwere naye. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira, saladi kapena ndowe. Zimenezi zimaoletsa cironda, ndipo ndowe ingalowetse kafumbata.

Ngozi yaciwiri ndi una. Njoka imadya mbewa, tsono kumene kuli mbewa njoka siikhala patali. Imabisala m'mauna ndi m'zulu. Mphiri simathawa munthu, imangogona phee pa njira mpaka mutaiponda. Njoka ikaluma, siyesa kuti uyu ndi mwana. Ululu umene ingathire mwa bambo wa makilogalamu 70 ndi womwewo umene ingathire mwa mwana wa makilogalamu 20. Ndico cifukwa cake ana amafooka msanga. A WHO amati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa caka ciri conse pa dziko lonse cifukwa ca njoka.

Mwana akalumidwa, mukhazikeni mtima pansi, mubvuleni nsapato, cibangiri kapena ciri conse cothina, mangirirani kamtengo ku mwendo kapena ku dzanja monga mucitira ndi fupa lothyoka, ndipo mumunyamule, asayende yekha. Musamange cingwe kapena mphira mothinitsa, pakuti ana ena amadulidwa dzanja cifukwa ca cingwe, njoka iri yosapha. Musateme mphini, musayamwe ndi pakamwa, musataye nthawi kufuna-funa njokayo. Ngati ndi njoka ija yolabvulira m'maso, tsukani masowo ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Mankhwala othetsa ululu wa njoka sapezeka pa kiliniki iri yonse, conco ora liri lonse limene mwataya panyumba ndi ora limene likadakufikitsani ku cipatala cacikulu.

Mbewa zokha zirinso ndi cobisika. Nthata za pa mbewa ndi makoswe zimafalitsa mliri wa makoswe, umene unabuka ku Namwala mu 1997 ndi ku Nyimba mu 2015. Mbewa ikafa ndi matendawa, nthata zimacoka pa mtembo wake n'kulumphira pa munthu amene waitola. Pasanathe mlungu munthuyo amatentha thupi kwambiri ndi kuturuka mwanabere wowawa m'mphecepece kapena m'khwapa. Matendawa amacira ndi mankhwala ngati mwafulumira. Lamulo loti muphunzitse mwana ndi ili: mbewa yopezeka itafa yokha siitoledwa, siidyedwa. Ingakhale inafa ndi mliri, ingakhalenso inadya mankhwala a makoswe kapena a thonje.

LEGENI, GALU NDI MFUTI

Legeni timaiyesa coseweretsa, koma mwala umene uthyola phiko la njiwa ungaphulitsenso diso. Kawiri-kawiri wolasidwa ndi mng'ono wake amene anaima pambali, kapena mwini wake pamene mphira waduka n'kubwerera kumaso. Diso likalasidwa, musalitikite, musathiremo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena shuga. Liphimbeni mosakanikiza ndipo mubwere tsiku lomwelo, ngakhale mwana anene kuti akuona bwino. Magazi ounjikana m'kati mwa diso angathe kuliononga patapita masiku.

Agalu osakira amakumana ndi nkhandwe ndi nyama zina za ciwewe. Mwa anthu pafupi-fupi 59,000 amene amafa ndi ciwewe pa dziko lonse caka ciri conse, 40 pa 100 ali onse ndi ana osakwana zaka 15. Mwana ndi wamfupi, tsono galu amamuluma kumaso kapena m'khosi, kufupi ndi ubongo. Cinanso, mwana amabisa cironda poopa kukwapulidwa. Uzani ana anu kuti wolumidwa kapena kukandidwa ndi galu sadzamenyedwa akanena. Tsukani cirondaco ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani ku cipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera. Zizindikiro za ciwewe zikangoyamba, ife tiribenso cocita. Nyama ya ku thengo imene ibwera kwa anthu mosaopa, mwana asaiyandikire. Galu wanu abayidwe katemera ku ofesi ya za ziweto.

Za mfuti ndinena mwacidule. Gogodela kapena mfuti ya zipolopolo si za mwana, kaya kunyamula kaya kupukuta. Ngakhale mfuti ya mpweya yophera mbalame imaboola diso. Kumbukiraninso kuti lamulo la nyama za ku thengo la mu 2015 limaletsa kupha nyama zotetezedwa popanda cilolezo ndi kuchera misampha ya waya, ndipo Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016, imagwira olakwa. Tate amene aphunzitsa mwana kuchera waya akumuphunzitsa njira ya ku ndende.

ULENDO WA KU CIGWA

Amene mumatumiza ana ku Mambwe, ku Chama, ku Nyimba kapena kwina kuli konse m'cigwa ca Luangwa, pali zina zoonjezera. Kumeneko kuli kashembe, nchenche imene imapatsa matenda a kaodzera. Mtundu wa kaodzera wa kuno kwathu unadziwika koyamba mu 1910 mwa munthu amene anautenga m'cigwa comweci. Umayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, nthawi zina cithupsa pamene nchenche inaluma. Ukalekereredwa umalowa mu ubongo n'kupha pa milungu kapena miyezi yowerengeka. Mu 2024 a WHO anabvomereza mapiritsi a fexinidazole kukhala mankhwala oyamba a mtundu umenewu, koma ndi a anthu a zaka 6 kupita m'tsogolo ndi olemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Mwana wocepera apo amafunikabe jekeseni zakale, zimene zina mwa izo ndi zaukali kwambiri. Ici cokha cikwanira kutiuza kuti mwana wosakwana zaka 6 asalowe m'thengo la kashembe. Kashembe amakonda nsalu yakuda ndi yabuluu, conco mwana abvale zotuwa monga khaki, za manja atali.

Nyama yofa yokha nayo ndi msampha. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax mu Luangwa, ndipo anthu oposa 500 a m'boma la Chama anadwala atasenda, kunyamula kapena kudya nyamayo. Mu 2023 matendawa anabukanso, kuyambira ku Sinazongwe n'kufalikira ku zigawo zambiri za dziko. Ana ndiwo amatumidwa kunyamula mbale ya nyama ndi kuyanika mizongo. Kacironda kosawawa kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, pa dzanja kapena kumaso, kabwere nako msanga.

Pa madzi pali ng'ona, pali kumira, palinso likodzo, limene limacokera ku nkhono za m'madzi odekha a m'madamu ndi m'madambo. Mnyamata akakodza magazi si cizindikiro ca kukula, ndi matenda, ndipo mapiritsi ake a praziquantel alipo. Mwana wokagona kumudzi mupatseni neti yake m'cola. Mwana wokulira m'tauni angathe kudwala malungo moopsa kuposa abale ake a kumudzi amene matupi ao anazolowerako pang'ono.

MSINKHU NDI NCHITO YAKE

M'mera mpoyamba. Langizo langa kwa makolo ndi ili.

Mwana wosakwana zaka 6 ayende ndi amai, atate kapena ambuya masana, pafupi, ali pamaso panu nthawi zonse. Atole masuku, aone mapazi a mbalame, amve maina a mitengo. Phunziro lake ndi limodzi: kanthu kali konse asanaike m'kamwa, ayambe waonetsa wamkulu. Njere za nsatsi ndi za jatrofa zimaoneka ngati nshawa, ndipo zagonetsa ana ambiri m'cipatala.

Wa zaka 6 mpaka 10 akhale wonyamula ndi woonerera. Aphunzire kuyang'ana pamene aponda, kugogoda udzu ndi ndodo, kuima ndi kubwerera m'mbuyo pang'ono-pang'ono akaona njoka. Angathe kuchera diwa, kugwira inswa ndi ziwala, ndi kuzula bowa pamodzi ndi amai amene amaudziwa bwino. Ana akazi asatsalire, pakuti iwo ndiwo amapita ku nkhuni ndi ku bowa, ndipo njoka siisankha.

Wa zaka 11 kupita m'tsogolo angathe kukumba mbewa ndi khasu wamkulu ali pomwepo, dzanja osalowetsa ku una. Angathe kugwira legeni atamva malamulo ake: osaloza munthu, osalasa pamene kuli nyumba, anzake onse aime kumbuyo kwake. Makampani ambiri oyendetsa alendo pansi mu South Luangwa National Park salola mwana wosakwana zaka 12, ngakhale kuti pamakhala msilikali wa nyama ndi mfuti. Ngati akatswiri aopa, ife tidalira ciani?

Moto, mfuti, mikondo ndi kusaka usiku zikhale za akulu okha.

Pa ulendo uli wonse mwana abvale nsapato zotseka ndi buluku lalitali, ngakhale za salaula. Tengani botolo la madzi ophitsa kapena othira Clorin, kasopo, nsalu yoyera ndi paketi ya madzi a moyo, imene imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi oyera. Nyamukani m'mawa ndi kubwerako dzuwa lisanafike pa mutu, maka-maka mu October pamene ku cigwa kumatentha kuposa madigiri 40. Uzani a panyumba kumene mwapita. Wamkulu amene walawa kacasu asatenge mwana wa munthu kupita naye ku thengo. Onaninso kadi ya ku sikelo ngati mwana analandira katemera yense, pakuti katemera wa kafumbata ali m'jekeseni za pa milungu 6, 10 ndi 14. Mukabwerako, musambitseni ndi kumuyang'ana nkhupakupa m'mutu, m'khwapa ndi m'mphecepece.

"TIRIBE NTHAWI"

Ndidziwa yankho la ambiri. Atate amacoka m'bandakuca, amai ali pa msika mpaka madzulo, ena akulera okha ana. Ndi zoona. Koma mwana wogonekedwa m'cipatala ndi cironda ca moto amakhalamo milungu, ndipo kholo limasiya msika n'kumagona pansi pambali pa bedi lake. Loweruka limodzi pa mwezi ndi lochipa kuposa pamenepo.

Ndiponso sikuti kholo liri lonse lipite. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Pa mzere umodzi wa nyumba sipalephera kupezeka mdala wopuma pa nchito amene anakulira kumudzi, wodziwa mitengo ndi njoka. Mabanja asanu angathe kupangana kuti iye, pamodzi ndi kholo limodzi losinthana, azitenga ana kupita nao ku phiri. Funsaninso a hedi ngati pa sukulu pali kalabu ya Chongololo, imene imaphunzitsa ana za nyama ndi mitengo. Potumiza mwana kumudzi, chulani dzina la munthu mmodzi wamkulu amene adzamuyang'anira, ndipo munene poyera kuti, "Amalume, mwanayu sadziwa kusambira, ndipo sanakumbepo mbewa." Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Pempho langa lotsiriza ndi la m'cipinda copimira. Mwana akatentha thupi atabwerako ku holide, ngakhale papite mwezi, mubwere naye msanga, ndipo mutiuze kumene anali ndi zimene anacita: kuti anali ku Malambo, anasamba m'damu, anatola mbewa, anakandidwa ndi galu, ananyamula nyama ya mvuu. Musadikire kuti tikufunseni, pakuti pa mzere pamakhala anthu ambiri. Tikapima malungo n'kupeza kuti palibe, mau anu amenewo ndiwo adzatiuza kumene tiyang'ane.